Kutsuka Chikale

Mukatsika minibasi pa msika wa Kabwata n'kudutsa pakati pa ogulitsa tomato ndi okonza mafoni, mupeza kachitseko kobiriwira kopanikizika pakati pa saluni ndi shopu ya matayala akale. Pamwamba pake panalembedwa dzina la a Norbert, ngakhale kuti eni akewo anatsikira kulichete kalekale. M'menemo ndi momwe mumagwira ntchito Imelda Njobvu, mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi, wamfupi, wakuda bii, wa mpata pakati pa mano akutsogolo, ndiponso wa pakamwa posachedwa kuyankha. Kuchokera ku Chilenje mpaka ku Kabulonga akazi amauzana za iye motsitsa mawu, ngati akuuzana za sing'anga wabwino: "Yenda kuli ba Imelda, baja baziba kusuka."

Mawu akuti kutsukawa ali ndi mbiri yake, ndipo moyo wa Imelda wonse uli m'menemo.

Anachoka ku Katete ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kudzakhala ndi amalume ake omwe ankaphunzitsa ku Chilenje. Tsiku lina anaona pepala pa chitseko chobiriwiracho loti situdiyo ya zithunzi ikufuna mtsikana wa pa kauntala. Anafika awiri: iye ndi mtsikana wina dzina lake Abby. Imelda anali ndi satifiketi ya sukulu, ndipo dzanja lake polemba linali lochititsa kaso. Abby anali ndi khungu longa nthochi yakupsa, basi. A Norbert sanatsegule n'komwe mapepala. Anangowayang'ana atsikanawo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, monga amachitira munthu posankha nkhuku pamsika.

"Abby azankala pa kauntala, makasitomala bazimuona," anatero. Kenaka analoza Imelda ndi cholembera. "Iwe nkhope yako ni ya kumbuyo uko, mu mdima. Kulibe wamene azakuona."

Ananena akuseka. Imelda nayenso anaseka, poti ntchito ankaifuna. Koma mawuwo anakamukhala pansi pa mtima ngati mwala, ndipo sanauze munthu aliyense, ngakhale Mathias amene anadzamukwatira pambuyo pake.

Chodabwitsa n'chakuti chipinda cha mdimacho anachikonda. Munali babu limodzi lofiira, mathireyi atatu a mankhwala onunkha, ndi chingwe choyanikira. Ankatenga pepala loyera mbee, kuliviika, kuligwedeza pang'ono, ndipo munthu ankatuluka yekha: poyamba maso, kenaka mphuno, kenaka kolala ya malaya. Kumeneko ndiko kunali kutsuka chithunzi. Wa makutu aakulu ankatuluka ndi makutu ake, wa dazi ndi dazi lake, ndipo aliyense ankanyamula envulopu yake akumwetulira. Mwana wake wotsiriza, Tanya, ankabwera akaweruka ku sukulu, kukwera pa kireti ya zakumwa n'kumasuzumira mu thireyi atagwira mpweya. "Mami, abwela! Abwela!" ankakuwa choncho munthu akayamba kuoneka. Mwana wa mu Lusaka, lilime lake silinkafuna zovuta, ndiye iye ankati kusuka.

Chinthu chimodzi chokha palibe amene anachizindikira. Mayi amene anatsuka nkhope za theka la Kabwata analibe chithunzi chakechake, kupatula kaja ka pa chitupa. Pa ukwati wake anakweza maluwa mpaka pamphuno. Pa ubatizo wa ana, pa Khrisimasi, pa chilichonse, iye ankathamangira kamera. "Wina ayenera kujambula," ankatero, ndipo anthu ankamuyamikira kuti ndi wodzipereka.

Kenaka mafilimu anatha, kompyuta inabwera. Imelda anaiphunzira ali pafupi kukwanitsa zaka makumi anayi, akutukwana mausi tsiku lililonse mpaka inamumvera. Poyamba zinali zazing'ono: kuchotsa chiphuphu pa chipumi cha mkwatibwi, kufafaniza ntchentche yomwe inatera pa keke. Koma tawuni nayo inali ikusintha. Zikwangwani za m'misewu zinakula kuposa nyumba, ndipo pa chilichonse panali mtsikana. Akugulitsa matayala, mtsikana. Akugulitsa simenti, mtsikana wa siketi yosafika n'pamaondo pomwe. Kodi simenti ndi ntchafu zikugwirizana pati? Pa TV ya mu saluni yoyandikana nayo nyimbo zinkalira tsiku lonse, kamera n'kumayambira ku chidendene, kukwera pang'onopang'ono, kuima m'chiuno ngati minibasi yodikira anthu, nyimbo mpaka kutha nkhope isanaoneke. Atsikana ankatuluka mu saluni, kulowa kwa Imelda, kumuonetsa foni: "Munipange monga uyu."

Ndiye kutsuka kunasanduka chinthu china. Kuwalitsa khungu, kusongola mphuno, kufinya chiuno, ndipo ngati pali mpata pa mano, kutseka. Dzanja la Imelda linkachita zinayizi mwa mphindi zisanu ndi imodzi, iye ali mkati mokangana ndi mayi wa mu saluni za nyimbo ya kwaya. Okonza madansi ankabwera ndi zithunzi za atsikana zoti aike pa maposita. "Onjezani kumbuyo," ankalamula. "Mutu mungajube, tifuna malo ya zina ya bendi." Imelda ankadula mutuwo osaphethira. Wina akamufunsa ngati sizimuvuta mumtima, poti ndi mayi wa mu mpingo, ankayankha kuti ukapeza anzako akukazinga maso nawe kazinga ako. A Norbert atamwalira, ana awo anamusiyira situdiyo kuti aziyendetsa, makasitomala n'kuchuluka, iye n'kuyamba kuyenda mwamatama. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tanya anakula ali mayi ake enieni ngati anachita kumudinda: ufupi womwewo, kuda komweko, mpata womwewo. Kungoti iye ankaseka ndi kamwa lonse, osabisa. Kuyambira ali wamng'ono ankamasula mawailesi a bambo ake, ndipo atamaliza sukulu anakaphunzira zamagetsi ndi za sola. Anamaliza pa nthawi yabwino, chaka chomwe magetsi ankangobwera kudzapereka moni n'kubwerera, makampani a sola akumera ngati bowa. Kampani ina ya ku Woodlands inalengeza kuti ikufuna anthu. Amuna abweretse masatifiketi. Akazi abweretse masatifiketi ndi chithunzi cha thupi lonse.

"Nanga sola bamaimanga na miyendo?" anadandaula Tanya. Komabe ntchito ndi yosowa. Anavala diresi lake labuluu, kuima pa khoma la nyumba yawo, mnzake n'kumujambula pa foni. Lachiwiri m'mawa anatumiza chithunzicho kwa mayi ake ndi uthenga: "Mami, munisukileko ichi, chikulu. Nizatenga popita ku intavyu."

Tsiku limenelo magetsi anabwera maola awiri okha, ndipo zithunzi khumi ndi chimodzi zinali pa mzere. Cha Tanya chinali chachisanu ndi chiwiri. Dzanja linagwira ntchito yake: khungu, mphuno, chiuno, mano. Koma tisamunamire Imelda kuti sanaone. Anaona bwinobwino kuti ndi mwana wake. Atamaliza anatsamira pa mpando, kuyang'ana mtsikana woyera wa chiuno cha mavu amene anali pa kompyutayo, ndipo anakondwa. Mumtima anati, uyu yekha sakamuika kumbuyo. Anasindikiza, kuika mu envulopu yakhaki n'kumata.

M'mawa mwake Tanya anatenga envulopuyo akuthamangira minibasi, osaitsegula. Cha m'ma 12 koloko chitseko chobiriwira chinatseguka. Mtsikanayo analowa mwakachetechete, nsapato za intavyu zili m'manja, n'kuika chithunzicho pa kauntala.

"Mami, uyu nindani?"

"Ndiwe, nanga ndani? Ndangokutsukako pang'ono."

"Ninakamba kuti musuke. Kusuka monga kudala, kale paja, kuchosa pa pepala chabe."

Apa m'pamene Imelda anazindikira. Mawu amodzi omwewo, mwana ankanena za pa kireti paja, mayi n'kumva za pa kompyuta.

Tanya anafotokoza mosakweza mawu. Anamulowetsa mu ofesi momwe munali amuna atatu. Wamkulu wawo anang'amba envulopu, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana iye, kubwereranso pa chithunzi, kenaka n'kupatsira anzake. "Ise tenze kufuna uyu," anatero. "Mukamuuze abwele yeka." Onse anaseka. Masatifiketi sanawakhudze. Tanya anachiona chithunzicho koyamba chili chozondoka pa tebulo la anthu achilendo.

"Baja bamuna sibananibabe maningi," anatero Tanya. "Nibaziba, ni vamene bali. Chamene chanibaba ni ichi, Mami: zaka zonse izi mukaniyangana, kansi mwenze kuona vofunika kukonza."

Pamenepo mayi wanzeru akanangogwira mwana wake dzanja. Koma pakamwa pa Imelda panathamanga kusiya mtima m'mbuyo, monga mwa chizolowezi. "Iwe, dziko ndi mmene lilili. Ine ndimati ndikuthandize. Ukuganiza kuti akanakuyang'ana n'komwe?"

Tanya anavala nsapato zija, anatola chithunzicho n'kutuluka. Madzulo ake analongedza chikwama kupita ku Chelstone kwa mayi ake aang'ono, a Emmy, mng'ono wake wa Imelda. Madzi akatayika saoleka.

Panapita milungu itatu foni yosayankhidwa. M'nyumba munazizira. Mathias, amene anakalambira pa siteshoni ya Intercity akuitanira anthu mabasi a ku Chipata ndipo mawu ake sadziwa kunong'ona, nthawi ino analankhula motsitsa. "Amake Tanya, ine nkhope yanuyi ndaiona zaka makumi atatu, m'mawa ndi madzulo, sindinapemphepo kuti wina aikonze. Nanga mwana wanga munamuona cholakwika chanji?"

Loweruka anakwera minibasi ya ku Chelstone. Tanya atamva mawu ake pa geti anadzitsekera kuchipinda. Emmy anamukokera mkulu wake ku bafa, n'kuloza pa windo. Panali kachubu ka mafuta oyeretsa khungu, kofinyidwa mpaka pakati. Pa ngodya ya galasi panali patapanikizidwa chithunzi chija cha mtsikana woyera.

"Amachiyangana m'mawa mulimonse asanadzole," ananong'ona Emmy. "Ndamuletsa, akuti ngati mayi ake omubala anaona choncho, ndiye kuti n'zoona."

Imelda anakhala pa mkombero wa bafa. Mafuta amenewa ankawadziwa kuposa ogulitsa ake. Tsiku ndi tsiku ndiye ankabisa ntchito yawo pa kompyuta: masaya ofiira ngati owauka ndi moto, mabanga osachoka, mfundo za zala zakuda zokana kuyera. Ankawafafaniza akazi aja mabalawo n'kumawaseka akatuluka. Lero moto unali utafika pa denga lake, ndipo machesi anayatsa yekha. Anachita mantha enieni, mantha oti nkhope ya mwana wake ipsa iye akuona, ndiponso oti mwanayo sadzamukhulupiriranso akamuuza kuti ndi wokongola.

Pobwerera, minibasi inaima pa siteji ina kudikira anthu. Pa khoma panali posita yakale yotuwa ndi dzuwa: thupi la mtsikana wa kabudula wofiira, pamalo pa mutu pali dzina la bendi. Inali ntchito ya manja ake. Ndipo mwadzidzidzi anamukumbukira mwini thupilo. Dzina lake anali Lukonde, ankaphunzira zauphunzitsi, anabwera ndi chikwama cha mabuku, ndipo anafunsa mwamanyazi ngati amayi ake adzamuzindikire pa positapo. Imelda anamuyankha moseka kuti asade nkhawa, mutu sudzakhalapo. Nthawi imeneyo anaona ngati wamuchitira chifundo.

Lolemba anatsegula kompyuta m'mamawa makasitomala asanabwere. Chizolowezi chimodzi cha m'chipinda cha mdima chinali chisanamuchoke: sankataya chithunzi choyambirira. Anapeza cha Tanya, n'kuchikulitsa, manja atawapinda pachifuwa kuti asakhudze kanthu. Anaona kachipsera ka pa dzanja, ka tsiku lomwe magetsi anamugwira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iye n'kungoti "Manje naziba waya wamene uluma." Anaona kaimidwe ka phazi limodzi kutsogolo, ka bambo ake. Anaona mpata uja, maso aja oseka. Zonsezi anazifafaniza mwa mphindi zisanu ndi imodzi. Analira mpaka mayi wa mu saluni anagogoda khoma kufunsa ngati kwagwa maliro.

Anasindikiza chithunzicho mmene chinalili n'kutumiza kwa Emmy. Patapita masiku awiri envulopu inabwerera yosatsegulidwa, kunja kwake kutalembedwa ndi dzanja la Tanya: "Munasankha kale."

Ndiye panatsala chinthu chimodzi, chomwe Imelda ankachiopa kuposa jekeseni. Lamulungu atatuluka mu Misa sanapite kunyumba. Anafika ku Chelstone dzuwa lili pamutu, anakana mpando wa m'nyumba, n'kukakhala pa khonde pansi pa windo la chipinda cha Tanya. Katani inali yotseka, koma windo linali lotsegula pang'ono. Anayamba kulankhula ngati akulankhula ndi khoma. Anafotokoza za mtsikana wa ku Katete ndi satifiketi yake, za Abby, za cholembera cha a Norbert. Mawu aja anawatchula onse mmene ananenedwera, koyamba pa zaka makumi atatu ndi zisanu.

"Ine ndinaseka nawo, mwana wanga. Ndinavomera. Kuyambira tsiku limenelo mkazi aliyense wobwera pa kompyuta yanga ndimamukonza kuti asamve zomwe ndinamva ine. Pa iwe sindinaone cholakwika. Ndinaona ine. Ndinalakwa, Tanya. Ndinakulakwira kwambiri."

Nkhuku ya a Emmy inadutsa, kumuyang'ana ndi diso limodzi n'kupitiriza ulendo. Patapita nthawi chitseko chinalira, Tanya n'kutuluka, manja ali m'thumba la juzi. Pa tsaya lake lamanzere panali kale kabanga kofiirira, kakukula ngati chala chamanthu. Imelda anakaona ndipo mtima unamupweteka, koma ulendo uno pakamwa anapagwira.

"Nenze kuganiza," anatero Tanya, osamuyang'ana. "Mu alubamu yonse ya kunyumba, imwe mulibemo."

"Mulibe."

"Olo chimozi?"

"Olo chimodzi." Imelda anatulutsa foni m'chikwama n'kumupatsa. "Undijambule iwe. Pompano, mmene ndililimu."

Anaimirira pa khoma la a Emmy, dzuwa likumuwomba kumaso, thukuta pamphuno, duku litapendekeka. Mayi amene kwa zaka zonsezi ankalamula anthu kuti kwezani chibwano, tsitsani phewa, sanadziwe koika manja ake. Tanya atangokweza foni, dzanja la Imelda linathamangira kukamwa lokha.

"Chosani kwanja, Mami."

Anachotsa, n'kutseka milomo mwamphamvu ngati akumeza mankhwala.

"Nanga muli pa polisi? Sekani."

"Ndiseke chiyani?"

"Kumbukilani siku ija Dadi banagwa na mpando mu chalichi."

Imelda anayesa kulimba, koma chinamuphulika. Anaseka ndi kamwa lonse, mpata uli poyera, misozi ili m'masaya, ndipo foni inalira kuti tcha. Tanya anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anachikulitsa ndi zala, kuyang'ana maso, kuyang'ana mano.

"Mwaoneka monga ine," anatero motsitsa.

"Iwe ndiye waoneka ngati ine. Ndinayamba ndine."

Tanya anamwetulira pang'ono, koma sanagonje msanga. Ndi mwana wa mayi ake. "Manje ichi muzachisuka bwanji?"

"Chikale."

"Chikulu. Na kuchiika pa windo ya situdiyo, pasogolo, pamene bonse bapita."

Imelda analiganizira windo lija. Pa windo limenelo ndi pomwe pankakhala atsikana ake otsukidwa bwino, oitana makasitomala. Ndi kutsogolo komwe a Norbert anati nkhope yake si yake. Anafuna kupempha kuti mwina chikhale chaching'ono, chapakona, koma anaona kabanga kaja pa tsaya la mwana wake.

"Chabwino," anatero.

Lolemba m'mawa anatsitsa atsikana onse a pa windo n'kupachika nkhope yake, yaikulu ngati kalendala ya ku banki. Mayi wa mu saluni atafika anaima chilili, anagwira pachifuwa n'kulowa mothamanga. "Ba Imelda! Nayopa ine, nenze nati mwafa! Chithunzi chikulu so timachiona pa malilo chabe!" Ogulitsa tomato anabwera kudzaona, okonza mafoni nawonso. Tsiku lonse Imelda anakhala kuseri kwa kompyuta makutu akutentha, akudikira kuti wina aseke. Ena anasekadi, poti pa msika sipalephera wotero. Koma gogo wina wogulitsa mapopo anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Koma mpata uwu kwathu unali wa akazi okongola," ndipo anapita osadikira yankho. Pofika Lachisanu Imelda anazindikira kuti wadutsa pa windo lija kawiri osatembenuzira nkhope kumbali.

Tisanene kuti Lusaka inasintha. Zikwangwani zikadali pomwepo, ndipo simenti akuigulitsabe ndi ntchafu. Chomwe chinasintha ndi funso limodzi. Tsopano mkazi aliyense akapereka chithunzi, Imelda amayamba wafunsa: "Nditsuke chikale kapena chatsopano?" Ambiri amasankhabe chatsopano, ndipo iye amachita, ngakhale dzanja lake layamba ulesi pa chiuno. Koma ena amafunsa kuti chikale n'chiyani, iye n'kuloza pa windo, iwo n'kuyang'anitsitsa chithunzi chake chija. Mayi wina wa ku Kabulonga, wofika pa galimoto yaikulu, anayang'ana nkhope yake yosakonza pa kompyuta n'kunena kuti, "Siyani tero, nafanana na bamayo." Za kudula mitu zokha anakaniratu. Wokonza madansi wina atakakamira, anamuuza kuti akafune thupi lopanda mutu ku butchala.

Tanya sanabwerere kunyumba tsiku lomwelo, ngakhale mwezi womwewo. Emmy ndiye ankabweretsa nkhani pang'onopang'ono: kuti chithunzi chija chachoka pa galasi, kuti kachubu kapezeka m'dzala, kuti mtsikanayo wayamba kugwira ntchito ndi mkulu wina wa zamagetsi wa ku tchalitchi kwawo, amene anangomupatsa waya ndi pulayazi n'kunena kuti amuonetse zomwe amadziwa. Imelda ankamva zonsezi n'kumadziletsa kuimba foni. Kudikira kunamuvuta kuposa kuphunzira kompyuta.

Tsiku lina Lachinayi masana, magetsi atangobwera, chitseko chobiriwira chinatseguka. Analowa Tanya atavala ovolosi yabuluu, fumbi mpaka m'nsidze, chikwama cha zitsulo paphewa. Anaima kaye kuyang'ana chithunzi cha pa windo, chomwe dzuwa linali litayamba kuchituwitsa m'mbali.

"Muli shani, Mami?"

"Ndili bwino, mwana wanga. Wadya?"

"Nadya." Tanya anadina foni yake, ya mayi ake n'kulira pa tebulo. "Munisukileko ichi."

Imelda anachitsegula pa kompyuta. Tanya anali pa denga la nyumba ina ku Kabulonga, bondo limodzi pa malata, sipanala m'manja, magalasi a sola atandandalika kumbuyo kwake. Dzuwa linamuchititsa kutsinzina diso limodzi, thukuta likuyenderera m'khosi, ndipo ankaseka ndi kamwa lonse. Pa tsaya lamanzere kabanga kaja kankaonekabe, kozilala koma kosabisika.

Dzanja la Imelda linali kale pa mausi. Lisanafunse mwini wake, kamuvi ka pa kompyuta kanayenda kukaima pa tsaya paja. Tanya anali ataima kumbuyo kwa mpando, ndipo onse awiri anakaona kamuviko. Imelda anachotsa dzanjalo, kuliika pa mpando n'kulikhalira.

"Nanga kabanga aka?" anafunsa Imelda.

"Kasiyeni," anatero Tanya. "Ni katu tonse babili."

Imelda anadina batani ndi dzanja lamanzere. Pulinta inakhosomola, kukoka pepala n'kuyamba kulitulutsa pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Poyamba thambo la ku Kabulonga, kenaka tsitsi lafumbi, kenaka chipumi. Tanya anatula chikwama pansi, kukoka kireti yakale yomwe inali pakona n'kukhalapo, mutu wake pafupi ndi phewa la mayi ake. Maso atayamba kuoneka pa pepala, anagunda mayi akewo ndi chigongono.

"Mami," ananong'ona, "abwela."